Loko anatsala chitsekere, koma katundu anapita

 Amene simunathe kubwera muwerenga pa tsamba lathu, ndiye ndiyesetsa kuyankhula zoti zikalembedwa zimveke.

Anandipatsa mutu wa chitetezo cha pakhomo. Nditauona ndinaseka, chifukwa ngati m'kalabu muno muli munthu woti asamaphunzitse anzake za maloko, ndiye ndine. Chaka chatha, nditangomaliza mayeso a Fomu 4, ndinapeza kaganyu pa shopu ina ku Balaka, ndipo ndinkachita lendi kachipinda kamodzi. Malipiro oyamba enieni ndinagulira loko. Osati kaloko ayi, chiloko, cholemera, chonyezimira, choti ukachinyamula umadzimva kuti wakula. Tsiku lina ndinachoka m'mawa, pobwera madzulo ndinapeza chitseko chili chitsegukire. Loko wanga anali pomwepo, ali chitsekere, akulendewera bwinobwino, wosakandika ndi pang'ono pomwe. Wakubayo sanalimbane naye n'komwe. Anangolowetsa chitsulo kuseri kwa kachitsulo kokolekapo loko kaja n'kukanula, ndipo timisomali tinayi timene tinakagwira tinazuka ngati chinangwa cha pamchenga. Batire la sola, kawailesi, thumba la chimanga limene mayi ananditumizira, nsapato zanga zoyendera, zonse zinapita. Aneba a chipinda chachiwiri anali mkati akuphika, sanamve kanthu.

Lokoyo ndikadali naye, ndi uyu. Muyendetse, aliyense amugwire. Alibe vuto lililonse.

Chichokereni tsiku limenelo ndimangoyang'ana zitseko za anthu paliponse pamene ndikudutsa, mpaka nthawi zina ndimaopa kuti andiyesa wakuba ineyo. Panopa, podikira zotsatira za masankhidwe a kukoleji, ndimathandiza malume anga amene ndi kalipentala. Zambiri zimene ndinene ndaziona pa benchi pawo, zina ndawerenga pa foni. Zonse zikubwerera pa mfundo imodzi: ife timayesa chitetezo ndi loko, pamene wakuba sayang'ana pomwe mwalimbitsa, amayang'ana pomwe mwaiwala. Khoma limagwira felemu, felemu imagwira mahinjesi, mahinjesi amagwira chitseko, ndipo chitsekocho n'chimene chimagwira loko. Pamzere umenewu loko ndi womaliza. Ife timayambira kumapeto.

Maiko ena anakhala pansi n'kulemba miyezo ya zinthu zimenezi, ndipo chimene chinandidabwitsa n'choti salonjeza chitseko chosathyoka. Amayeza ndi nthawi. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 1627. Amatenga chitseko chathunthu, ndi felemu yake, ndi loko wake, n'kupatsa munthu zipangizo kuti achithyole uku wina akuyang'ana wotchi. Chikapirira mphindi zitatu kwa munthu wa sikuludiraiva ndi pulayala, chimalowa gulu la RC2. Chikapirira mphindi zisanu kwa munthu wa chitsulo chokanulira, ndi RC3. Mphindi zitatu zokha, eti? Koma taganizani, mphindi zitatu za phokoso pakati pa usiku. Galu auwa, aneba adzuka, inu mwaimba foni. Wakuba amadana ndi nthawi komanso phokoso kuposa mmene amadanira ndi chitsulo. Chitseko changa cha ku Balaka sichinakwanitse ndi masekondi khumi omwe.

Ku Britain kuli muyezo wa maloko wotchedwa BS 3621, ndipo makampani ambiri a inshulansi kumeneko amafuna kuti pa chitseko chakunja pakhale loko wofika pa muyezo umenewu. Loko wa m'chitseko uja, wa kiyi wamtali, ayenera kukhala wa 5 lever, lilime lake lituluke mamilimita 20 kulowa mu felemu, ndipo makiyi ake akhale a mitundu yosachepera 1,000. Kuno kwathu tili ndi Malawi Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo chizindikiro chake timachidziwa pa botolo la madzi ndi la mafuta ophikira. Koma tinene zoona, ndani mwa ife anafunsapo za muyezo pogula loko pamsika? Timangomuyeza m'manja kulemera, tamva mtengo, basi. Ndipo kumudzi tikamanga nyumba palibe amene amabwera kudzakankha chitseko kuti aone ngati chalimba. Woyeza ndi mwini nyumba yekha, kapena wakuba.

Ndiye tiyeni tiyeze tokha, kuyambira pa khoma.

Nyumba zambiri kwathu kuno n'zomangira matope, kaya ndi njerwa zowotcha kaya ndi zidina. Palibe manyazi pamenepo, simenti yadula, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023. Koma felemu yokhazikidwa m'matope ili ngati dzino logwedera. Ikadutsa dzinja limodzi kapena awiri, dothi lofewa limasiya thabwa, ndipo munthu wamphamvu akhoza kukankha chitseko, felemu ndi loko zonse n'kugwera mkati limodzi. Inu a ku Ntaja munaona nokha mmene makoma anafewera nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Nyumba zina sizinagwe, koma mafelemu ake anatsala akugwedera mpaka lero. Malume amauza makasitomala awo kuti ngati ndalama ya simenti ndi ya thumba limodzi lokha, aiwale kaye zokongoletsa khonde, simentiyo ipite pa njerwa zozungulira khomo. Mafelemu achitsulo amabwera ndi timakutu m'mbali mwake, toti tilowe pakati pa njerwa. Amisiri ena othamanga amangotipinda kuti tisawavute. Mukamamangitsa, imani pomwepo muone kuti talowa ndipo tagwidwa ndi simenti.

Kenako chiswe. Ichi ndiye wakuba woyamba, chimalowa mbava isanabwere. Felemu ya paini kapena ya bulugamu wosakhwima imaoneka bwino kunja chifukwa cha penti, koma mkati muli mphako. Mukafika kunyumba tengani msomali, mubaye kumunsi kwa felemu, pafupi ndi pansi. Ukalowa ngati mukubaya nsima, dziwani kuti loko wanu akulondera mpweya.

Za chitseko chenichenicho sindichedwapo. Zitseko zosalala zija, za pulayiwudi uku ndi uku koma mkati mopanda kanthu, anazipangira zipinda za mkati, osati khomo lakunja. Gogodani, zimalira ngati ng'oma. Chidendene chimodzi chimaboola. Chitseko cha matabwa wamba, chokhala ndi mitanda kumbuyo, sichikongola koma chimaposa chimenecho kutali. Mahinjesi akhale atatu, osati awiri, ndipo amangidwe ndi masikuluwu aatali. Pali chizolowezi china choipa, chokhomera masikuluwu ndi hamala ngati misomali pofuna kufulumira. Sikuluwu yokhomedwa imang'amba thabwa m'malo moluma, ndiye imazuka mosavuta. Ngati chitseko chanu chimatsegukira kunja, mahinjesi ali panja, ndipo munthu akhoza kugogoda kamtengo kachitsulo ka pakati kaja n'kuchotsa chitseko loko asanamukhudze. Owotcherera akhoza kudontheza kachitsulo pamutu pake kuti kasatuluke, ntchito ya kanthawi kochepa.

Tsopano pamene ndinagwera ine, kachitsulo kokolekapo loko. Pitani mukaone kanu. Ngati mukaima panja, chitseko chili chokhoma, mukuona mitu ya misomali kapena ya masikuluwu, ndiye kuti wakuba nayenso akuiona. Kachitsulo kabwino kamapindika n'kuphimba zomangira zake kakatsekedwa. Ndipo zomangirazo zikhale mabawuti a mutu wozungulira, opanda mpata wa sikuludiraiva, oboola thabwa lonse mpaka mkati, kumene mumaika washala ndi nati. Kuti munthu azule zimenezo ayenera kung'amba chitseko chonse, ndipo mudzi wonse umva. Mabawuti anayi mtengo wake sufika pa mtengo wa loko amene akuyenda m'manja mwanuyo. Pamenepa m'pamene pamandiwawa. Ndikanagula loko wapakatikati ndi mabawuti anayi, bwenzi batire langa ndili nalo.

Sindikunena kuti loko alibe ntchito. Posankha loko wokoleka, yang'anani khosi lake lopindika lija. Likakhala lalitali komanso lowonda, limapereka mpata wa chodulira kapena wa chitsulo chopotokolera. Lalifupi, lonenepa, lobisika m'thupi la loko ndiye labwino. Muwerengenso dzina bwinobwino. Maina odziwika ngati Yale, Union ndi Tri-Circle ali ndi azibale awo abodza pamsika, osiyana chilembo chimodzi kapena kachizindikiro chabe.

Nkhani ya makiyi ndiyo imene anthu ambiri saidziwa, ndipo inu a nyumba za lendi mumvetsere. Maloko a handulo amene ali m'nyumba zambiri, pa bokosi pake pamalembedwa 2 lever kapena 3 lever. Mkati mwa loko wotere muli timbale tachitsulo timene kiyi amatinyamula mpaka pa mlingo wake kuti lilime liyende. Nzeru imeneyi ndi yakale, Robert Barron anailembetsa ku England mu 1778. Timbale tikachepa, mitundu ya makiyi imachepanso. Loko wa 2 lever ali ndi mitundu yochepa kwambiri, moti pa mdadada wa zipinda khumi sizodabwitsa kupeza kiyi wa chipinda china akutsegula chinzake. Ambiri mwa makiyi amenewa ali ndi nambala yodinda pa mutu, ndipo kiyi wa nambala yomweyo amagulitsidwa payekha mu hadiweya. Mukasiya makiyi pa tebulo poonera mpira, kapena mukajambula chithunzi makiyi ali m'manja n'kuponya pa Facebook, mwapereka nambala. Munthu wotereyo sathyola kanthu. Amatsegula, amatenga, amakhomanso, inu n'kumakangana ndi mng'ono wanu kuti ndalama zapita kuti. Maloko amenewa ndi a kuchipinda ndi kubafa. Pa khomo lakunja onjezerani china.

Ndipo mukalowa nyumba ya lendi, dzifunseni kuti adutsamo anthu angati inu musanabwere, ndipo ndi angati anabweza makiyi onse. Ine sindinafunse. Kambiranani ndi eni nyumba mwaulemu, muike loko wanu, wawo mumusunge kuti mudzabwezeretse potuluka. Za kiyi wa pansi pa mwala, pa lintala kapena mu mphika wa maluwa, sinditayapo nthawi. Ana a zaka zisanu a pamudzi panu amadziwa pamene amakhala.

Usiku, muli mkati, chinthu champhamvu kuposa zonse si cha mu hadiweya ayi. Ndi mpiringidzo, womwe uja wa agogo. Mtengo wolimba kapena paipi yachitsulo yopingasa chitseko, yolowa m'zogwirira ziwiri zomangidwa m'khoma uku ndi uku. Loko amagwira chitseko pa kamalo kamodzi, mpiringidzo umachigwira m'lifupi monse n'kupereka mphamvuyo ku khoma. Ulibe kiyi wotayika, ulibe nambala, sumaoneka panja. Tinausiya chifukwa timauona ngati wachimidzi.

Mwina wina akuti, aise, zonsezi chifukwa cha batire ndi thumba la chimanga? Ayi. Ife a ku Machinga tikudziwa kuti chitseko nthawi zina chimatchinga moyo wa munthu. Mu February 2016, m'boma lathu lomwe lino, anthu anathyola nyumba usiku n'kutenga mnyamata wachialubino wa zaka 9, ndipo anapezeka ataphedwa. Mu June chaka chomwecho bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lonena kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi muno chiyambire November 2014. Mu 2019 boma linagawa timaalamu toti munthu aziliza akaona zoopsa, ndipo pambuyo pake linayamba kumanga nyumba zolimba za anzathu achialubino. Zimenezo n'zabwino, koma nyumbazo sizinafikire aliyense, ndipo alamu imathandiza pokhapokha chitseko chikakupatsa nthawi yoti uilize, aneba n'kudzuka, n'kufika. Mphindi zitatu zija za ku Ulaya, kwa banja lotere si nkhani ya inshulansi. Ena mwa anzathuwa tinaphunzira nawo kalasi imodzi, ena ali m'kalabu muno. Pali agogo okhala okha, pali amayi amene amuna awo ali ku Joni ndipo mudzi wonse umadziwa tsiku limene ndalama zafika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna muigwire mwamphamvu chimodzimodzi, chifukwa mantha akhoza kutimangitsa ndende m'malo mwa nyumba. Pa 31 August 2023 nyumba yosanja ya Usindiso, mu Albert Street ku Johannesburg, inapsa usiku. Anthu oposa 70 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Opulumutsa anthu anapeza mitembo itaunjikana pa geti lachitsulo limene linali lokhoma. Geti limenelo analiika kuti liteteze anthu. Tsono taonani nyumba zathu: mawindo onse zitsulo zowotcherera, khomo limodzi, loko wokoleka mkati, kiyi ali m'thumba la buluku limene lili penapake mumdima. Magetsi azima, kandulo yagwera pa neti ya udzudzu, kapena botolo la petulo wosungira njinga yamoto lagwira moto. Utsi ukadzaza simuona ngakhale dzanja lanu. Mwana wa zaka 8 angatsegule chitseko chanu yekha, mumdima, inu mutakomoka? Ichi n'chifukwa china chimene ndimakondera mpiringidzo, umangonyamula basi. Ngati mumakhoma ndi kiyi, kiyiyo akhale ndi msomali wake umodzi pafupi ndi chitseko, poti dzanja lochokera pa windo silingafike, ndipo aliyense m'nyumba apadziwe. Pa mawindo, limodzi la kuchipinda likhale ndi zitsulo zotseguka ngati kachitseko. Ndipo chonde, chizolowezi chokhomera ana kunja ndi loko popita ku msika wausiku kapena ku maliro, tikawauze makolo athu kuti chitheretu.

Ndikudziwa kuti wina afunsa za kutentha. Mu October kuno ku Liwonde ndi ku Balaka, kutseka chitseko cha matabwa usiku kuli ngati kudziphika. Anthu amagona pakhonde kapena amasiya chitseko pululu, ndipo akuba amadziwanso kalendala imeneyi. Amene angathe, chitseko chachiwiri cha zitsulo chimalowetsa mphepo uku chili chokhoma. Kungoti malamulo ake ndi omwe aja: felemu yake igwidwe ndi simenti, mipata yake isalole dzanja kufika pa loko, ndipo kiyi akhale podziwika.

Pang'ono za malamulo. Kuthyola nyumba yogonamo anthu ndi mlandu waukulu pansi pa gawo 309 la malamulo a milandu, ndipo chilango chake chikhoza kufika pa kukhala kundende moyo wonse. Koma gawo limene likutikhudza ife achinyamata kwambiri ndi 328, lonena za kulandira katundu wobedwa. Batire langa silinapite kumwamba. Alipo amene analigula motchipa pa siteji, osafunsa, n'kumasangalala kuti wachita mwayi. Foni yopanda bokosi, yopanda chaja, ya mtengo wa theka, yobwera ndi munthu wothamanga, tonse timadziwa kumene yachokera. Tikamagula timalemba ganyu wakuba kuti apitenso. Ndipo tikamugwira, tisamuotche kapena kumumenya. Timupereke kupolisi. Chitetezo cha m'madera chinayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo midzi yambiri ili ndi makomiti ake. Nambala ya wapampando wa komiti ya kwanu ndi ya polisi yapafupi zikhale mu foni yanu lero lomwe, osati kuyamba kuzifunsa chitseko chikugogodwa.

Ndiye pempho langa kwa a wapampando ndi komiti ndi ili. Poti palibe amene adzabwere kudzatiyezera zitseko, tiziyeze tokha. Sabata ino aliyense ayambe ndi kwawo: agwedeze felemu, abaye ndi msomali kumunsi, aime panja aone ngati mitu ya zomangira ikuoneka, awerenge zolembedwa pa loko, kenako azimitse nyali n'kuuza mwana wamng'ono pa onse kuti atsegule chitseko. Mudzabwere ndi zimene mwapeza Loweruka likubwerali. Tikatero tipite kwa a mfumu ndi a komiti ya chitetezo, atithandize kusankha makomo asanu oyambira, a agogo okhala okha ndi a anzathu achialubino, ngati eni ake avomera. Malume alonjeza kutibwereka chobowolera ndi kutipatsa zidutswa za matabwa olimba zopangira mipiringidzo. Mabawuti ndi thumba limodzi la simenti tisonkherane.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha, makamaka kwa inu oyendetsa tsamba lathu. Ndikudziwa kuti timakonda zithunzi tikagwira ntchito yachifundo. Pa ntchito iyi pasakhale chithunzi cha nyumba, dzina la mudzi, kapena dzina la mwini khomo. Tikalemba kuti takonza chitseko cha uje, tauzanso dziko lonse kumene uje amagona. Tidzangolemba kuti makomo asanu atheka.

Amene muli ndi loko wanga kumbuyoko, mundibwezere tisanabalalike. Ndagula kale mabawuti ake.